Ndinali Kuseri kwa Kauntala

Brayton, Tennessee
17 Januwale 1960

Wokondedwa Elnora,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Roscoe ndi amayi anu. Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lija, limene likangomva chisanu limayamba kulongolola kuposa apongozi anga. Musawawerengere pamenepa. Ndinafika bwino, ngakhale m'basi kumbuyo kwathu kuja tinaima mpaka miyendo kuchita dzanzi, kutsogolo kwa azungu mipando ikungoyenda yopanda anthu.

Ndaikamo madola khumi ndi awiri. Mugule malata a pakhonde mvula isanagwetse denga lonse, otsalawo mafuta a nyale ndi nsapato za Roscoe. Nyama ya nkhumba ija musaithere alendo, ikhale mu mchere ifike Epulo. Mchimwene wanu Lucius akabwera ndi nkhani zake zobwereka bulu, mumuuze kuti bulu ndi wa Cleophas ndipo Cleophas kulibe.

Ntchito ndi yomwe ija. Ndimaima pa chiwaya m'sitolo muja kuyambira m'mawa, azungu akudya atakhala pa kauntala, anthu akwathu tikuwagulitsira pa kazenera ka kumbuyo, kumene kuli migolo ya zinyalala. Bwana Stallings, mkulu wa sitolo, walonjeza kundiwonjezera malipiro Pasaka ikafika. Analonjezanso chaka chatha. Bwana Haskew wogulitsa matayala uja amabwerabe m'mawa uliwonse kudzadya mazira ake osatembenuza, pakamwa osatseka. Zaka zonsezi ndamuphikira koma dzina langa sanaligwirebe. Ndine "mnyamata iwe" ndi imvi zangazi.

Tsopano za mwana wanu. Vernell ali bwino, ndipo aphunzitsi ake ku koleji akuti akapitiriza chonchi, mu Juni alandira pepala lake la uphunzitsi. Elnora, ndikaganiza zimenezi ndi bondo lomwe limaleka kupweteka. Mwana wa wolima thonje m'munda wa eni, kuima kutsogolo kwa kalasi, choko m'manja! Yambani kufunsa mtengo wa nsalu yoyera, yabwino, kuti Mayi Pettway amusokere diresi la tsikulo.

Koma pali kanthu kakundidya. Lachisanu anabwera pa kazenera, ndinamupatsa buledi ndi nyama monga mwa nthawi zonse, iye osalandira. Anangosuzumira mkati n'kufunsa, "Ababa, mipando ya pa kauntalayo mumapukuta ndinu?" Ndinati eya. "Munayamba mwakhalapo?" Ndinati ndikhalepo ndapenga? Anaseka kaseko kamene sindinakakonde. Odessa, mnzanga wotsuka mbale, anati, "A Tarver, mwana wanuyu mabuku amukwera m'mutu. Mupezereni mwamuna msanga." Ndamva kuti madzulo akumapita ku tchalitchi cha pafupi ndi koleji, koma si zakwaya ayi. Ndifufuza.

Moni kwa onse.

Ndine mwamuna wanu,
Cleophas

Brayton
7 Febuluwale 1960

Wokondedwa Elnora,

Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndamva za chifuwa cha amayi. Muwagulire mankhwala a m'botolo aja, osati kumangowamwetsa madzi a anyezi. Ine ndili moyo.

Za tchalitchi zija ndazipeza. Mukawerenga kalatayi musaisiye pa tebulo, ndipo abusa akwathuko musawauze. Mukudziwa kuti nkhani ikafika kwa iwo, mawa lake ili m'khutu mwa Bwana Crenshaw, ndipo munda tikulimawo ndi wake.

Ndinamulondola Vernell Lachiwiri. M'chipinda chapansi cha tchalitchicho ndinapeza ana a koleji atandanditsa mipando mzere umodzi. Ena akhala, ena aima kumbuyo kwawo n'kumawatukwana, kuwakankha, kuwauzira utsi wa ndudu kumaso. Ndinayesa ndi ndewu. Ayi, akuti akuyeserera. Akufuna akakhale pa makauntala a azungu m'tauni muno mpaka awagulitse chakudya, ndiye akuphunzira kumenyedwa osabwezera. Mwamva? Ine kupsa nkhope pa chiwaya kuti mwana aphunzire kuphunzitsa, iye akuphunzira kumenyedwa.

Wotsogolera ndi m'busa wachinyamata, a Whitsett, wamagalasi, woyankhula motsitsa ngati pali mwana wagona. Vernell atandiona sanachite ndi manyazi omwe. Anati, "Awa ndi bambo anga, amagwira ntchito pa kauntala."

A Whitsett anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Bambo Tarver, mwabwera nthawi yabwino. Anyamata athuwa uzungu sautha, akatukwana pang'ono ayamba kuseka. Inu mumawamva azungu tsiku ndi tsiku. Tithandizeni, mukhale mzungu lero."

Ndinati ine ndabwera kudzatenga mwana wanga, sindinabwere kudzachita sewero. Vernell anati, "Kupita sindipita, ababa. Ndipo mukakana, mawu amenewo ndikawamvera komweko koyamba. Bola ndiyambe kuwamva kwa inu."

Ndinaganiza kuti mwina ndikamuopseza mokwanira asiya. Ndinaima kumbuyo kwake. Nditangotsegula pakamwa anatuluka ndi Bwana Haskew yense, mawu ake, ngakhale katsokomoledwe kake. Sindinkadziwa kuti ndamusunga m'mimba zaka zonsezi. Zimene ndinamutchula mwana wathu sindingazilembe pa pepala limene mugwire ndi manja anu. Anati ndimukoke tsitsi, ine n'kungoligwira. "Kokani, ababa," anatero osatembenuka, "iwo sakandisisita ayi." Ndinakoka. Mutu unabwerera m'mbuyo, manja ake ali phee pa tebulo, osagwedezeka. Titamaliza anandiwombera m'manja, akuti ndachita bwino kwambiri. Ndinatuluka n'kukasanza kuseri kwa tchalitchi.

Mbewu ya thonje musafulumire kutenga kwa Crenshaw, dikirani ndimve mitengo ya kuno. Nsalu ija gulani ndithu. Izi ndi za ana, zizizira zokha mayeso akayandikira.

Ndine wanu,
Cleophas

Brayton
21 Febuluwale 1960

Wokondedwa Elnora,

Moni nonse kumeneko. Ndakondwa kumva kuti amayi ayamba kudya. Kuno chisanu chafika poipa, malasha akwera mtengo, ndiye ndangoika madola asanu ndi atatu. Mupirire nawo.

Sizinazizire. Lamulungu lapitalo Vernell anabwera kuchipinda kwanga, n'kundiuza kuti gulu lake lapatsidwa sitolo yathu. Ndinati masitolo onsewa m'tauni muno, mwaona yanga? Anati ndi yaikulu, ndipo sanasankhe ndi iye. Kenako anakhala pa bedi n'kundigwira bondo.

"Ababa, ndikupemphani chinthu chimodzi. Mukandiona kumeneko, simukundidziwa. Kaya pachitike chotani, manja anu akhale pa chiwaya."

Ndinati iwe, ukundiuza kuti munthu akakugwira ine ndizitembenuza nyama?

"Eya. Mukangodumpha kauntala ija, mawa nyuzipepala zilemba kuti wakuda walasa mzungu ndi mpeni wa kukhitchini, ndiye zathu zonse zathera pomwepo. Inunso akupherani pomwepo, amayi atsale okha ndi Roscoe. Lumbirani."

Ndinalumbira, chitsiru ine.

Ana a koleji aja anabwera dzulo masana, atavala ngati akupita ku Mgonero wa Ambuye, anyamata mataye, atsikana zipewa. Anayamba agula tinthu mbali ina ya sitolo, makope, sopo, kusonyeza kuti ndalama zawo sitoloyo imalandira. Kenako anadzakhala pa kauntala mwakachetechete. Mtsikana wachizungu woperekera zakudya anangoti kukamwa yasa, khofi n'kusefukira m'mbale. Bwana Stallings anatuluka mu ofesi nkhope ili psuu, koma sanapite kwa iwo. Anabwera kwa ine. "Cleo, pita ukawauze anthu akwanuwa malamulo a pano."

Ndinapukuta manja, n'kuyenda. Mwa onse aja, miyendo inakandiimika pamaso pa mwana wanga. Ndinati, "Pepani, pano sitigulitsa kwa anthu akuda. Kazenera kali kumbuyo."

Anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire. "Zikomo, akulu. Ine ndikufuna khofi basi. Ndidikira."

Odessa anatulukira ndi thovu m'mikono, n'kuyamba kuwakalipira. "Ana inu mulibe chisoni? Mukufuna mutichotsetse ntchito? Inu mawa mukakhala m'maofesi, ife tidzadya mabuku anuwo?" Stallings anazimitsa magetsi a pa kauntala n'kumangapo chingwe, iwo anangotsegula mabuku n'kumawerenga mumdima momwemo mpaka nthawi yotseka. Palibe anakhudzidwa. Tikuweruka Odessa yemweyo anandinong'oneza, "Koma wanu uja wakhalapo bwino, a Tarver, ngati mpandowo anapangira iye."

Sindikubisirani, mtima wina unanyada. Wina unkafuna kuthyola kamtengo n'kumukwapula ngati kale. Akuti azibwera mpaka zitatheka.

Roscoe asasiye sukulu chifukwa cha kulima, ngakhale Crenshaw anene. Nsalu mwagulayo muikulunge bwino, njenjete zingaidye.

Ndine wanu,
Cleophas

Brayton
2 Malichi 1960

Elnora,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino. Zilembozi zapindika chifukwa ndikulemba ndi dzanja lamanzere, lamanja ndinapsa pang'ono kuntchito. Si zoti mudandaule nazo.

Ulendo uno sindinaikemo kanthu. Ndalama zapita kwina, ndidzafotokoza. Ngati ufa watha, gulitsani nkhuku zingapo, koma yaikazi yamawanga ija ayi.

Mwina mumva anthu akunena zakuti zakuti za kuno. Anthu amakuza nkhani. Vernell ndamuona, akuyankhula, akudya. Masiku ano sali ku koleji, ali pamalo pena ndi anzake, ndipo sangathe kukulemberani. Musabwere. Ndanena, musabwere, palibe chimene mungadzachite, ndipo Crenshaw adzafunsa kumene mwapita.

Muzitipempherera, inu amene mapemphero anu amamveka.

Cleophas

Brayton
13 Malichi 1960

Elnora,

Moni. Kalata yanu yafika, ndipo ndaiwerenga mpaka kuiloweza. Ndiye Lucius wayenda mudzi wonse ndi nyuzipepala m'thumba. Bulu ndinamukaniza, wapeza pobwezera. Mwandifunsa kuti ndinali kuti pamene mwana wanu amamenyedwa. Mwalemba kuti bambo weniweni akanafera pomwepo. Chabwino, ndikuuzani kumene ndinali. Ndinali pomwepo, kuseri kwa kauntala, epuloni ili m'chiuno.

Linali Loweruka lomaliza la Febuluwale. Masiku onse aja apolisi ankaima m'sitolo, koma tsiku limenelo anangotuluka onse nthawi imodzi, ngati wina wawaitana. Odessa anati, "Mwaona zimenezo?" Posakhalitsa munadzaza anyamata achizungu. Anayamba ndi kuthira shuga ndi tomato sosi m'tsitsi la ana aja, kenako kuzimitsira ndudu m'makolala mwawo. Ana aja phee, maso kutsogolo.

Ndiye ndinaona Bwana Haskew. Munthu wamkulu, wa tayi, amene m'mawa womwewo anadya mazira a m'manja mwanga. Anadutsa onse n'kukaima kumbuyo kwa Vernell. Elnora, ananena mawu omwe aja. Omwe aja, mwa ndondomeko yake, ngati anali nafe m'chipinda chapansi chija. Mwana wanu sanaphethire n'komwe, poti anali atawamva kale kwa bambo ake. Anamukoka tsitsi, iye osalira. Kusalirako ndi kumene kunamupsetsa mtima. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti ndikanapanda kumuzoloweza, mwina akanalira, munthu uja n'kukhutira n'kumusiya.

Anatola botolo la shuga, lagalasi lochindikala lija ndimadzaza ine m'mawa uliwonse, n'kumumenya nalo pa khutu lamanzere. Kulira kwake ndimakumvabe. Vernell anagwa pansi n'kudzipinda, manja kumutu, monga anawaphunzitsira. Kenako anadzuka, anagwira mpando, n'kukhalaponso. Magazi akutsikira m'kolala. Anandiyang'ana kamodzi kokha n'kupukusa mutu pang'ono.

Mpeni unali pambali panga. Ndikanatambasula mkono ndikanamugwira tayi Haskew. Dzanja linali litanyamuka kale lokha, ndipo ndinadziwa kuti silindimvera. Ndiye ndinalikanikiza pa chiwaya chamoto mpaka linamvera. Kupsa ndinakuuzani kuja ndi kumeneko.

Apolisi anabwerera zonse zitatha, n'kumanga ana aja, akuti asokoneza mtendere. Haskew wapolisi wina anamutolera chipewa chake pansi, n'kumupatsa. Sitolo itakhala bata Stallings anati, "Cleo, kolopa apa, pakuterera." Ndinakolopa magazi a mwana wanga ndi dzanja limodzi, ndipo ndinayankha kuti chabwino bwana. Ngati mukufuna kunditukwana, tukwanani pamenepo.

Kukhoti anawagamula chindapusa kapena ndende. Ndinathamanga ndi ndalama zimene ndikanakutumizirani zija, iye n'kukana. Anayankhula kudzera pa waya, mutu atamanga kansalu. "Tikalipira ndiye kuti tavomera kuti tinalakwa. Bwererani nazo, ababa." Ndinati nanga khutulo? Anati lingolira pang'ono, lisiya. Dokotala m'ndendemo sanamuone mpaka kutuluka, ndiye ndalamazo zathera kwa dokotala wa kuno.

Tsopano watuluka, akugona kuchipinda kwanga, ine pansi. Akuluakulu a koleji akumana sabata yamawa kukambirana za ana onse anamangidwa. Koleji ndi ya boma, ndipo boma mukulidziwa mwini wake. Komabe kwangotsala miyezi yochepa, mwina awachitira chifundo omaliza. Gwadani pa nkhani imeneyi.

Crenshaw akafunsa, munene kuti a Tarver ndi ambiri m'dziko muno.

Ndine mwamuna wanu, kaya mukundiyesa bambo kaya ayi,
Cleophas

Brayton
10 Epulo 1960

Wokondedwa Elnora,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndi mafuta a dzanja munatumiza. Mawu aja ndinaiwala kale, musadzivutitse. Mayi akapsa mtima chifukwa cha mwana salakwa. Dzanja likupola, koma zala ziwiri zakana kupindika.

Ndachedwa kulemba chifukwa ndinkasowa poyambira. Vernell amuchotsa ku koleji. Iye ndi anzake ena amene akuti ndi atsogoleri. Mkulu wa koleji ndi munthu wakuda ngati ife, ndipo akuti powauza misozi inali m'maso. Misozi yakeyo akamwe, dzina anasaina ndithu. Ndinapita ndekha, nditavala jekete la ukwati lija, kukapempha kuti angomulola alembe mayeso, ngakhale pakhonde. Anandisiya pa benchi mpaka dzuwa kupendeka, kenako mlembi anati bwana atuluka. Makoleji ena a boma akuti sangamulandire, mbiri yafika kale. Zaka zonse zija za chiwaya, Elnora. Makhirisimasi aja ndinkabwerera kuno ana asanadzuke. Zonse zatsanulidwa pansi ngati madzi otsukira mbale.

M'tauni muno anthu akwathu agwirizana kuti asagule kanthu m'masitolo a azungu mpaka makauntala atatsegulidwa kwa onse. Pasaka ya chaka chino azimayi adzapita ku tchalitchi ndi zipewa zakale, ndipo akunyadira. Sitolo yathu ili mbee, ogulitsa akungoyasamula. Kauntala anaitseka. Stallings anandipatsa sipanala kuti ndimasule mipando yonse, patsale zitsulo zokha, wina asakhalepo, mzungu kaya wakuda. Tsopano ndimakolopa ndi kunyamula makatoni, masiku atatu okha pa sabata. Za kuwonjezera malipiro zija musafunse. Ndaikamo madola anayi, ndi omwewo.

Ndinakangana naye Vernell. Ndinabwera nditatopa, n'kumupeza akulemba zikwangwani pa bedi langa. Ndinati, wapindulanji? Pepala ulibe, ntchito yanga yatsala theka, amako akugulitsa nkhuku. Zonsezi chifukwa cha kapu ya khofi, khofi wake woipa, ndimaphika ndine.

Anati, "Mukanakonda ndidzaime kutsogolo kwa ana n'kumawaphunzitsa njira ya ku kazenera?"

Ndinati ndikanakonda udzaime kutsogolo kwa ana, basi. Kazenera kameneko ndi kamene kakulipirira sukulu.

Sanayankhe. Ndinayesa wakwiya, ndinabwerezanso mokweza. Anatembenuka n'kunena kuti, "Mwati bwanji, ababa?" Ndinangoti palibe. Masiku ano akamamvetsera amapendeketsa mutu, ndipo pa masitepe amagwira khoma. Dokotala akuti tidikire kutupa kuthe.

Chimene chimandiwawa koposa n'choti akundiyamika. A Whitsett ananditchula pa guwa, akuti m'bale wathu wina anaonetsa mphamvu ya chikondi. Anthu kumandigwira dzanja, lopsa lomwelo. Vernell nayenso akuti, "Munachita bwino, ababa, munatipulumutsa tonse." Ndachita bwino chiyani? Kuimirira ngati mtengo? Ndikadzamva mawu amenewo kachitatu ndidzaphwanya chinthu.

Nsalu yoyera ija musapite nayo kwa Mayi Pettway. Funsani kusitolo ngati angailandirenso, ngakhale atadulako mtengo. Thonje dzalani mvula ikangodutsa, Lucius akuthandizeni, mumubwereke buluyo.

Ndine wanu,
Cleophas

Brayton
29 Meyi 1960

Wokondedwa Elnora,

Moni kwa inu, kwa amayi ndi kwa Roscoe. Ndamva kuti thonje lamera bwino. Ine ndilipo.

Tapambana, akutero. Eni masitolo ataona kuti ndalama zauma anakumana ndi abusa ndi akuluakulu a mzinda, n'kugwirizana kuti makauntala atsegulidwe, koma mwakachetechete, popanda ana a sukulu, kuti asaoneke ngati agonja. Ndinabwezeretsa mipando ndi sipanala yomwe ija. Ndiye Stallings anatiitana ine ndi Odessa. "Mawa mubwere ndi zovala za ku tchalitchi. Ngati pano pakhale wakuda, ayambe ndi wanga, amene ndikumudziwa khalidwe lake."

Ndiye mwamuna wanu wakhalapo pa mpando uja. Ndinakazinga nyama, ndinavula epuloni, ndinavala jekete, ndinazungulira kauntala, n'kukhala, mtsikana wachizungu uja n'kundiikira mbale ya chakudya chimene ndaphika ndekha. Ndinalipira mtengo wonse. Odessa anandigunda ndi chigongono, "Idyani, a Tarver, tikulowa m'mbiri." Kenako anati, "Koma mpandowu ndi wouma bwanji! Anthuwa amatikaniza chimenechi?" Ndinaseka. Titatha ndinavalanso epuloni n'kutsuka mbale yanga.

Madzulo ku tchalitchi kunali kuimba ndi kulira, anthu kukumbatirana. Sindikunena kuti n'zachabe. Dzana ndinaona gogo wina wakuda atakhala pa kauntala ndi kamdzukulu kake, akudya ayisikilimu pang'onopang'ono ngati safuna ithe, ndipo ndinayang'ana kumbali. Koma a pa guwa aja mapepala awo ali nawo kale m'mafelemu. Anzake a Vernell amene sanamangidwe akuyesa mikanjo yolandirira mapepala, mwambo wawo ndi Loweruka likubwerali. Palibe pangano limene linatchula za ana anachotsedwa. Ndinafunsa, anati tiyende pang'onopang'ono, m'bale.

Haskew anasowa milungu ingapo, tsopano wabwerera. Amakhala kumapeto, patali ndi anthu akwathu. Mlandu sanamuimbe, akuti panalibe mboni. Panalibe mboni, Elnora! Tsiku loyamba anati, "Mnyamata iwe, dzanjalo watani?" Ndinati ndinapsa, bwana. Anati uzisamala. Sakudziwa kuti mtsikana anamumenya uja ndi mwana wanga, ndipo Vernell akuti ndisamuuze. Ndimamuphikira, chifukwa dokotala sanathe kulipidwa.

Vernell akubwera kwanuko. Safuna kukhala m'tauni muno tsiku la mikanjo, ndiye akwera basi Lachisanu, afika Loweruka masana pa mphambano ya ku Tallow Creek. Roscoe akamudikire ndi ngolo, asayende pansi ndi sutikesi, amachita chizungulire. Wanyamula mabuku ambiri kuposa zovala. Akuti aziphunzitsa akuluakulu kuwerenga pakhonde pathu kuti akalembetse kuvota. Pa munda wa Crenshaw! Ndatopa kukangana naye, mukayesereko inu.

Tsopano mvetsani bwino izi, chifukwa iye sakuuzani. Tinapita kwa dokotala Lachinayi. Kutupa kunatha kalekale. Khutu lamanzere lija linafa, silidzamvanso, ndipo kulira kwa mkati mwake akuti azingokhala nako. Anatuluka m'chipinda muja akumwetulira, n'kundiuza kuti linalo likwanira. Wandiletsa kukuuzani, ndiye musaonetse kuti mukudziwa.

Musalire pamaso pake. Musamukuwire ngati gogo, amadana nazo. Roscoe asiye masewera ake omudzidzimutsa kumbuyo. Ku tchalitchi mumukhazike kumapeto kwa benchi, khoma likhale kumanzere kwake. Pa msewu muziyenda inu mbali ya magalimoto. Amayi muwauze mwanzeru, chifukwa ndikuwadziwa, adzayamba kunena kuti mwana wabwera ndi matama a ku tauni.

Ndipo inu, Elnora, mukamuitana iye osayankha, musamuyese wamwano. Zungulirani mbali inayo, mumuitanenso.

Ndine mwamuna wanu,
Cleophas